Uthenga umene ndinawatumizira amayi

Munali kumapeto kwa Malichi 2020, masiku amene aliyense ankagona foni ili m'manja, kudikira kumva kuti mliri wa korona wafika pati. Usiku wina m'gulu lathu la pa WhatsApp munagwa uthenga wa mawu wa mphindi pafupifupi zinayi. Wolankhulayo anati ndi dokotala. Dzina lake sanatchule, chipatala chimene amagwirako ntchito sanatchule, koma ankalankhula modekha, mawu osanjenjemera, ngati munthu amene wazionera yekha. Anati kachilombo ka korona kamalowa m'maselo a thupi kudzera pa kachitseko kotchedwa ACE2, ndipo mankhwala ena a BP amachulukitsa tizitseko timeneti, ndiye aliyense amene akumwa mankhwala a BP asiye kaye mpaka mliri utadutsa. Pomaliza anati, "Tumizirani aliyense amene mumamukonda."

Amayi anga akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri, piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Nditangomva uthengawo mtima unagunda. Ndinawatumizira nthawi yomweyo, n'kulemba pansi pake kuti, "Amayi, mumvetsere bwinobwino, n'zofunika." Ndinatumiziranso azakhali, amalume ndi anthu ena angapo. Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo, poganiza kuti ndateteza banja langa.

Amayi anasiyadi. Iwo za pa intaneti sazitsatira kwenikweni, koma ine amandikhulupirira. Patapita masiku 10 mchemwali wanga anandiimbira foni kuti amayi akudandaula mutu, akumva chizungulire, ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi. Tinathamangira nawo kuchipatala. Namwino anawamanga lamba wa makina oyezera pamkono, anayang'ana manambala, n'kuyezanso kachiwiri osalankhula kanthu. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, mankhwala anu mukumwa?"

"Ndinasiya. Mwana wangayu anandiuza kuti adokotala akuti tisiye."

Namwinoyo anatembenukira kwa ine. Sanakalipe ayi. Anangofunsa mofatsa kuti, "Adokotala ake ati, achimwene?"

Ndinasowa choyankha. Ndinatulutsa foni, uthenga uja unalipo, koma pamwamba pake panangooneka timivi tiwiri tosonyeza kuti wadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Sindinkadziwa dzina la munthuyo, dziko limene ali, tsiku limene anajambula mawuwo, ngakhale ngati analidi dokotala. Mnzanga amene anauika m'gulu lathu nditamufunsa, anati nayenso anangoutenga ku gulu lina. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo uthenga umenewu unali utadutsa pa akandimverere osawerengeka usanafike kwa amayi anga.

Amayi anagona m'chipatala masiku awiri, anayambiranso mankhwala, ndipo mpaka lero ali bwino. Koma funso la namwino lija linandikhala pamtima, moti titabwerera kunyumba ndinakhala pansi n'kuyamba kufufuza kumene nkhaniyo inachokera.

Chimene ndinapeza chinandiwawa kuposa mmene bodza lamkunkhuniza likanandiwawira. Nkhaniyo inali ndi poyambira penipeni. N'zoona kuti kachilombo ka korona kamalowa m'maselo kudzera pa ACE2. N'zoonanso kuti mu Malichi 2020 magazini ya zachipatala yotchedwa The Lancet Respiratory Medicine inasindikiza kalata yaifupi ya akatswiri ena ofufuza, imene inafunsa ngati mitundu ina ya mankhwala a BP ingachititse kuti munthu adwale kwambiri korona. Koma inali kalata, maganizo ofunika kuyesedwa. Sanali kafukufuku woti anatsatira odwala n'kupeza umboni. Ndiyeno pa 13 Malichi bungwe la European Society of Cardiology linatulutsa chikalata chouza anthu kuti apitirize kumwa mankhwala awo chifukwa panalibe umboni woti ndi oopsa. Pa 17 Malichi bungwe la American Heart Association limodzi ndi mabungwe ena awiri a madokotala a mtima ananenanso chimodzimodzi. Izi zikutanthauza kuti usiku umene ndinkawatumizira amayi uthenga uja, yankho linali litakhala kale pa intaneti kwa masiku oposa 10, laulere, loti ndikanalipeza m'mphindi zitatu. Foni yomweyo imene ndinatumizira bodza ndi imene ikanandionetsa zoona.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti nkhani yabodza imene imapha si yopanda mutu ija, yoti aliyense angaiseke. Yoopsa ndi imene imatenga kachidutswa ka zoona, n'kuchotsa mawu akuti "mwina" ndi akuti "sitinatsimikize", n'kuikapo lamulo loti chitani chakuti. Funso la asayansi linasanduka langizo la dokotala panjira, ndipo palibe amene anaona pamene linasinthira.

Ndinadzifunsanso kuti n'chifukwa chiyani ineyo, munthu woti ndimawerenga, ndinatumiza osafufuza. Yankho lake ndi mantha ndi chikondi. Uthengawo unandigwira pamene ndimakhudzidwa kwambiri, pa amayi anga, ndipo unandipatsa chochita nthawi yomweyo. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology amene anasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2018. Anaunika nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter, ndipo anapeza kuti nkhani yabodza inali ndi mwayi wochuluka ndi 70 peresenti woti anthu aigawane poyerekeza ndi yoona. Kuti nkhani yoona ifike kwa anthu 1,500, inkatenga nthawi yochuluka pafupifupi kasanu n'kamodzi kuposa yabodza. Chimene chinandikhudza n'chakuti amene ankafalitsa kwambiri mabodzawo sanali makina ayi, anali anthu. Bodza limakhala lachilendo, lodzidzimutsa, ndipo munthu amafuna akhale woyamba kuuza anzake. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo limodzi: nkhani ikandichititsa mantha, ikandikwiyitsa, kapena ikandisangalatsa mopitirira, ndimaika kaye foni pansi. Mtima ukamathamanga chala sichiyenera kugwira ntchito. Uthenga uliwonse wolembedwa kuti "tumizani msanga asanaufufute" ndimauona ngati wondikankha kuti ndisaganize.

A WhatsApp nawonso vutoli akulidziwa. Mu 2018 anayamba kulemba chizindikiro pa uthenga umene wangotumizidwa kuchokera kwina, mu 2019 anachepetsa kuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu Epulo 2020 uthenga umene wazungulira kwambiri anauchepetsa kufika pa mmodzi. Timivi tiwiri tija ndinkationa tsiku lililonse koma sindinkatilabadira. Lero ndikationa ndimadziwa kuti amene wanditumizirayo si mwini nkhani, ndipo mwina nayenso sakumudziwa mwini wake.

Koma luso limene linandisintha kwambiri ndi ili, ndipo ndikufuna ndilifotokoze bwinobwino. Kale ndikafuna kudziwa ngati webusaiti ndi yodalirika, ndinkaiyang'anitsitsa yokhayo. Ndinkaona ngati yakonzedwa mwaluso, ngati chilankhulo chake chili chosalala, ngati ili ndi chizindikiro cha bungwe, ngati dzina lake likuthera ndi .org, ngati pali kaloko pafupi ndi adiresi. Ndinkawerenga pamene eni ake alemba za iwo eni, n'kukhutira. Zonsezi sizithandiza. Aliyense akhoza kugula dzina lothera ndi .org. Kaloko kaja kamangotanthauza kuti zimene mukutumizirana ndi webusaitiyo n'zobisika kwa ena panjira, sikanena kuti mwini wake ndi woona mtima, ndipo akuba nawonso amakhala nako. Zimene munthu walemba zokhudza iye mwini ndi zimene akufuna kuti inu mukhulupirire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akatswiri awiri a ku Stanford University, Sam Wineburg ndi Sarah McGrew, anachita kafukufuku amene anandiunikira pamenepa. Anatenga akatswiri a mbiri yakale 10, ophunzira a payunivesitiyo 25, ndi anthu 10 amene ntchito yawo ndi kutsimikizira nkhani m'nyumba zofalitsa nkhani. Mwa zina, anawapatsa mawebusaiti awiri a mabungwe a madokotala a ana a ku America, mayina ake ofanana kwambiri. Lina linali bungwe lalikulu la mamembala oposa 60,000, linalo kagulu kakang'ono kamene kanapatuka chifukwa cha maganizo akeake. Ophunzira ambiri, anzeru zawo ndithu, anasankha kagulu kakang'onoko kuti ndi kodalirika, chifukwa anataya nthawi yawo akuwerenga tsambalo kuchokera pamwamba mpaka pansi n'kukopeka ndi maonekedwe. Akatswiri a mbiri yakale nawonso ena anasokonezeka. Koma otsimikizira nkhani aja onse anapeza zoona, ndipo mwachangu. Chinsinsi chawo chinali chakuti sankachedwa pa tsambalo. Ankangoona dzina, n'kuchokapo, n'kutsegula masamba ena kuti aone zimene ena akunena za bungwelo.

Ndi zimenenso timachita ndi munthu wachilendo amene wabwera ndi nkhani yaikulu. Sitimufunsa iye yekha kuti, "Kodi ndinu wokhulupirika?" Timakafunsa amene akumudziwa. Ndiye lero ndikapeza webusaiti imene sindikuidziwa, ndimatenga dzina lake n'kulilemba pa Google, n'kuona kuti mwini wake ndani, ndalama amazipeza kuti, anayamba liti, ndipo nyumba zofalitsa nkhani zodziwika zinalembapo chiyani za iye. Ndikapeza kuti palibe aliyense amene anamutchulapo kupatula iye mwini, limenelo ndi yankho kale. Ngati ndi nkhani yaikulu, monga imfa ya munthu wotchuka kapena mankhwala atsopano, ndimaona ngati ena odalirika ailemba. Nkhani yaikulu siikhala pa tsamba limodzi lokha. Mphunzitsi wina wa ku America, Mike Caulfield, anaika njira imeneyi m'magawo anayi osavuta kukumbukira: ima kaye, fufuza gwero, funafuna kumene nkhaniyo yalembedwa bwino, ndipo londola mawu kapena chithunzi mpaka kumene zinayambira. Ikanakhala kuti ndinachita gawo loyamba lokha, amayi sakanagona m'chipatala.

Pa Wikipedia ndinasintha maganizo. Ndinkamva anthu akuti musamaikhulupirire chifukwa aliyense akhoza kulembapo, ndipo n'zoona kuti chiyambire mu 2001 amalemba ndi anthu ongodzipereka. Koma ndinaona kuti ndi poyambira pabwino ngati ukufuna kudziwa mwachangu kuti bungwe lakutilakuti ndi lotani. Chofunika ndi kusaima pa mawu a nkhaniyo. Timanambala ting'onoting'ono timene timakhala kumapeto kwa ziganizo timakutengerani pansi pa tsamba pamene pali magwero, ndipo kumeneko n'kumene ndimapita kukawerenga ndekha. Palinso tsamba la mbiri ya nkhaniyo limene limaonetsa amene anasintha chiyani ndi liti.

Kafufuzidwe pa Google nakonso ndinachita kuphunzira. Ndinkalemba funso mmene mtima wanga ukufunira, monga "kuopsa kwa mankhwala a BP", ndipo ndinkapezadi zoopsa zokhazokha, chifukwa makinawo amakupatsa zofanana ndi mawu amene walemba. Ukafunsa mokondera, yankho limabweranso lokondera. Tsopano ndimalemba mawu osatenga mbali, kenako ndimafufuzanso dala mbali yotsutsa. Zotsatira zoyambirira zimene zalembedwa kuti Sponsored ndi malonda, wina analipira kuti zikhale pamwamba, choncho ndimazidumpha. Ndikafuna kudziwa kumene chiganizo china chinachokera, ndimachiika m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, ndipo Google imandifunira mawu omwewo ndendende. Ndikafuna zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse linanena, ndimalemba mawu anga n'kuwonjezera site:who.int, ndipo zotsatira zimachokera pa webusaiti yawo yokha. Ndimayang'ananso deti nthawi zonse. Nkhani ikhoza kukhala yoona koma ya zaka zisanu zapitazo, wina n'kuidzutsa ngati yachitika lero.

Zithunzi ndiye zimanamiza kwambiri, chifukwa timati maso sanama. Tsiku lina m'gulu lomwe lija munabwera chithunzi cha mlatho wogumuka, magalimoto ali m'madzi, atalemba kuti zachitika m'mawa womwewo. Anthu anayamba kale kulemba mauthenga achisoni. Ndinachisunga mufoni, ndinatsegula Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi, n'kuchilowetsamo. M'masekondi ochepa chinaoneka pa masamba ambirimbiri, ena a zaka zingapo m'mbuyo, ndipo chinajambulidwa kudziko lina lakutali. Chithunzicho sichinali chopanga, ngoziyo inachitikadi, koma mawu amene anachiphatika nawo ndi amene anali abodza. TinEye imagwiranso ntchito yomweyi, ndipo imakulolani kusanja zotsatira kuyambira pa chakale kwambiri. Ngati ndi vidiyo, ndimaiimitsa pamalo ooneka bwino, n'kujambula screenshot, n'kufufuza chimodzimodzi. Ndimayang'ananso zikwangwani, manambala a magalimoto, ndi chilankhulo chimene chikumveka kumbuyo. Screenshot ya zimene akuti munthu wotchuka walemba sindiikhulupirira mpaka nditapita pa tsamba lake n'kuziona ndekha, chifukwa kupanga yabodza n'kosavuta. Tsamba likafufutidwa kapena kusinthidwa, nthawi zambiri Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive imakhala itasunga mmene linkaonekera kale.

Masiku ano zafika povuta chifukwa cha makina a AI, mapulogalamu a pakompyuta amene amatha kulemba nkhani ndi kupanga zithunzi ngati munthu. Mu Malichi 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma chinazungulira dziko lonse, anthu ambiri n'kukhulupirira, pamene chinapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Chaka chomwecho ku New York maloya ena anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale imene pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT inangopeka, milandu yoti sinachitikepo, ndipo khoti linawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. Ineyo makinawa ndimawagwiritsa ntchito, amandithandiza kumvetsa nkhani yovuta komanso kupeza mawu oyenera kufufuzira. Koma amalankhula molimba mtima chimodzimodzi, kaya akunena zoona kaya akupeka, ndendende ngati dokotala wa mu uthenga uja. Akanditchulira buku, deti kapena nambala, ndimakaiona kwina ndisanaigwiritse ntchito.

Ndisakunamizeni kuti magwero odalirika salakwitsa. Pa 22 Meyi 2020 magazini ya The Lancet, imodzi mwa zolemekezeka kwambiri pa zachipatala, inasindikiza kafukufuku wokhudza mankhwala a hydroxychloroquine pa odwala korona, ndipo pa 4 Juni inamuchotsa chifukwa manambala ake sanathe kutsimikizika. Ena atamva zimenezi anati basi, palibe woti n'kumukhulupirira. Ine ndinaona mosiyana. Kafukufukuyo anali ndi mayina a olemba, asayansi anzawo anatha kumuunika n'kufunsa mafunso, ndipo magaziniyo inavomera poyera kuti panalakwika. Dokotala wa mu uthenga uja palibe amene akanamufunsa kanthu, ndipo sanabwerenso kudzakonza zimene ananena. Gwero labwino ndimalizindikira chifukwa lili ndi dzina, limaonetsa umboni wake, ndipo likalakwitsa limakonza. Mabungwe otsimikizira nkhani monga Africa Check, imene inayamba mu 2012 ku Johannesburg, AFP Fact Check ndi Snopes amagwira ntchito mwanjira imeneyi, amakuonetsani mmene afikira pa yankho lawo kuti nanunso mulondole. Nthawi zambiri mphekesera imene yakufikani lero amakhala ataifufuza kale.

Pa nkhani ya thanzi ndili ndi malire amene sindidumpha. Zimene ndawerenga pa intaneti zimandithandiza kudziwa mafunso oti ndikafunse kuchipatala. Sizindipatsa mphamvu youza munthu kuti ayambe kapena asiye mankhwala. Zimenezo n'za dokotala amene wamuona wodwalayo maso ndi maso.

Ndikatumizira munthu nkhani masiku ano, ndimaika linki ya kumene ndaitenga, osati screenshot yokha, ndipo ndimanena deti lake. Ngati ndangoona mutu wa nkhani osawerenga yonse, sinditumiza, chifukwa mitu yambiri imalembedwa kuti ikope anthu ndipo imanena zoposa zimene zili m'kati. Wina akaika zabodza m'gulu sindimuchititsa manyazi pagulu, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amatumiza ndi mtima wabwino, ngati mmene ndinachitira ine. Ndimamulembera payekha, kumuonetsa zimene ndapeza, n'kumupempha kuti akonze yekha. Ambiri amavomera.

Ntchito yovuta kwambiri inali imene ndinaigwira sabata imene amayi anatuluka m'chipatala. Ndinatsegula foni n'kuwerenga anthu amene ndinawatumizira uthenga uja. Analipo 11. Ndinawaimbira mmodzimmodzi, kuwauza kuti ndinalakwitsa ndipo asasiye mankhwala. Amalume anati iwo sanaumvere n'komwe. Koma azakhali anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwana wanga, inetu ndinautumiza ku gulu la amayi anzanga, ndipo ena mwa iwo ndi a BP."

Ndinawauza kuti ndiwatumizira zikalata za mabungwe a madokotala a mtima zija. Iwo anati anzawowo sangawerenge zimenezo, uthenga woyamba uja anaumvera chifukwa unali wa mawu. "Jambula iweyo mawu ako, ndiwatumizire."

Ndinakhala pakhonde, ndinadina kabatani kojambulira, ndipo ndinayamba ndi kutchula dzina langa, kuti ndine mwana wa ndani, ndi deti la tsikulo. Ndinanena kuti si ine dokotala. Ndinafotokoza zimene zinawachitikira amayi anga, ndinatchula mabungwe awiri aja ndi masiku amene analankhula, n'kupempha kuti aliyense amene wasiya mankhwala apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezetse BP. Azakhali anautumiza madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwake anandiimbira kuti amayi awiri a m'gulu lawo anali atasiyadi, ndipo onse anyamuka kupita kukayezetsa.